Kuchokera ku Waya Kufika ku Wailesi

Aliyense amene anayendapo madzulo m'misewu ya ku Maramba, Libuyu kapena Dambwa anakumanapo ndi kamnyamata kakukankha galimoto ya waya, dzanja lili pa chiwongolero chachitali, injini ikulira pakamwa. Mawilo ake ndi zitini za polishi, ndipo zomangira ndi mphira wodulidwa ku chubu chakale. Akuluakulu ambiri timangodutsa, ena mpaka kukalipa kuti ana atha waya wa pampanda. Koma tisanakalipe, tiyeni tikumbuke mbiri ya mzinda wa Livingstone.

M'zaka za m'ma 1970 mzindawu sunkadalira alendo odzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya okha ayi. Munali fakitale ya Livingstone Motor Assemblers kumene amisiri a m'dziko muno ankalumikiza galimoto za Fiat, ndiponso ya ITT Supersonic imene inkapanga mawailesi. Chuma chitasintha m'zaka za m'ma 1990, katundu wakunja n'kuyamba kulowa mosavuta, mafakitale ambiri a mumzindawu anatsekedwa. Amisiri aja lero ndi agogo, ndipo luso lawo likukalamba nawo pamodzi.

Chokondweretsa n'chakuti zinthu ziwiri zija, galimoto ndi wailesi, masiku ano zakumana m'kanthu kamodzi kamene wachinyamata angathe kupanga patebulo: kagalimoto kakang'ono koyendetsedwa ndi uthenga wa wailesi, kamene ziwalo zake zimasindikizidwa ndi pulasitiki. Kodi kamapangidwa bwanji?

Choyamba ndi muyeso. Opanga ambiri amakonda muyeso wa 1:10, kutanthauza kuti chiwalo chilichonse chimachepetsedwa kakhumi. Fiat 127, imene kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 3.6, imasanduka kagalimoto ka masentimita 36. Ukalakwitsa muyeso wa wilo limodzi, galimoto yonse imatsimphina. Mwana wa waya amadziwa kale zimenezi, chifukwa iyenso amapima ndi diso ndi chikhatho kuti mbali ziwiri zifanane.

Chachiwiri ndi kujambula chiwalo chilichonse pakompyuta. Mapulogalamu monga Tinkercad ndi FreeCAD salipiritsa. Chithunzicho chimatumizidwa ku makina otchedwa 3D printer. Makinawa amasungunula ulusi wa pulasitiki pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 200, n'kumauyala mzere pamwamba pa mzere, uliwonse wopyapyala ngati mamilimita 0.2, monga momwe woumba mbiya amasanjikira dongo mpaka mbiya itaima. Pulasitiki wofala kwambiri, wotchedwa PLA, amapangidwa kuchokera ku chimanga kapena nzimbe. Kale makinawa anali a makampani akuluakulu okha. Koma mu 2005 Adrian Bowyer wa pa yunivesite ya Bath ku England anayamba ntchito ya RepRap yopanga makina otchipa amene aliyense ali ndi ufulu wowatengera, ndipo mu 2009 chilolezo chimene chinkateteza njira imeneyi ya kusindikiza chinatha. Kuyambira pamenepo mitengo inatsika kwambiri.

Chachitatu ndi zam'kati, zimene sizisindikizidwa koma zimagulidwa. Woyendetsa amagwira kabokosi kotumiza uthenga, kawirikawiri pa 2.4 GHz. M'galimotomo muli kabokosi kena kolandira uthengawo. Kameneka kamalamula zinthu ziwiri: servo imene imakhotetsa mawilo akutsogolo, ndi kachipangizo koonjezera kapena kuchepetsa mphamvu yopita ku mota. Apa mpamene pali chinsinsi. Timitengo tolumikiza mawilo akutsogolo timagwira ntchito chimodzimodzi ndi tija ta galimoto ya waya. Kusiyana kwake n'kwakuti m'malo mwa dzanja la mwana pali servo.

Pali zofunika kusamala. PLA amayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, choncho kagalimoto kosiyidwa m'galimoto yotseka pa dzuwa la Okutobala la ku Livingstone kangathe kupindika. Mchenga wa m'misewu yathu umadya mano a magiya apulasitiki, motero ndi bwino kuwaphimba. Mabatire a mtundu wa LiPo amatha kuyaka akaboola kapena akatchajidwa mosayenera, ndiye mwana asawatchaje popanda wamkulu. Magetsi nawonso ndi nkhani. Chiwalo chimodzi chimatenga maola angapo kusindikiza, ndipo onse amene akukumbukira kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, akudziwa kuti magetsi akazima pakati pa ntchito, kawirikawiri chiwalocho chimaonongeka.

Tinene zoona: makina ndi zipangizo zimenezi n'zodula kwa banja limodzi lovutikira kupeza thumba la ufa ndi fizi. Koma mutu umodzi susenza denga. Kuyambira mu 1968 m'sukulu za m'Zambia muli magulu a JETS, olimbikitsa ana pa sayansi ndi umisiri, ndipo Livingstone uli ndi sukulu ya Hillcrest yodziwika pa maphunziro amenewa. Makina amodzi pasukulu angathandize ana makumimakumi. Ndiponso sikofunika kuyamba ndi zonse. Kamota kochotsedwa m'chidole chowonongeka, batire, ndi thupi la waya, ndi chiyambi chokwanira. William Kamkwamba wa ku Kasungu m'Malawi anayamba ndi zitsulo zotayidwa pamene anamanga makina ake opukusa magetsi ndi mphepo.

Choncho makolo, mwana akabwera ndi galimoto yake ya waya, musafulumire kumuuza kuti akutaya nthawi. Mufunseni mmene chiwongolero chikukhotetsera mawilo, ndipo mumvetsere yankho lake. Mpezereni waya wakale kuti asakhumbe wa pampanda wa eni. Ndipo inu agogo amene munagwirapo sipanala m'fakitale ya Fiat kapena munawotchererapo mawaya a wailesi, itanani mdzukulu wanu akhale nanu pakhonde. Iye akuonetsani za kompyuta, inu mumuphunzitse kupima kawiri asanadule. Paja akuluakulu anati m'mera mpoyamba.