Kodi mumadziwa? Klaus Mikaelson, chilombo chomwe chidafera mwana wake

Amene mudaonera The Vampire Diaries ndi The Originals mukudziwa kuti dzina la Klaus Mikaelson likangotchulidwa, ngakhale mavampaya anzake ankanjenjemera. Adalowa m'sewero mu 2011 ngati mdani wamkulu, koma pofika 2018 anthu omwe ankamutemberera aja ndi omwe adamulira maliro. Zidayenda bwanji kuti wakupha wotere afike pomvetsa anthu chisoni? Amene simunaonere mpaka kumapeto, dziwiranitu kuti pano tiulula mathero.

Kodi mumadziwa kuti Klaus wa m'buku alibe chifundo ngakhale pang'ono? The Vampire Diaries idachokera m'mabuku a L. J. Smith wa ku America. Klaus amaonekera m'buku lachinayi, Dark Reunion, la 1992, ndipo mmenemo ndi wakupha basi: alibe abale, alibe mwana, salapa. Banja la a Mikaelson komanso nkhani yonse ya kusintha kwake ndi ntchito ya olemba a pa TV, Kevin Williamson, Julie Plec ndi anzawo.

Kodi mumadziwa kuti anthu adayamba kumuopa asanamuone nkhope? The Vampire Diaries idayamba kuonetsedwa pa 10 September 2009 pa kanema wa The CW. M'sizoni yachiwiri dzina la Klaus linkangomveka m'manong'onong'o. Ngakhale pamene adafika m'tauni ya Mystic Falls, adabwera atabisala m'thupi la mphunzitsi Alaric Saltzman. Nkhope yake yeniyeni, ya katswiri wa zisudzo Joseph Morgan, idaoneka mu April 2011 m'gawo la 19 la sizoni imeneyo.

Kodi mumadziwa kuti adasunga mkwiyo zaka 500? Mu 1492 Katerina Petrova, amene ambiri amamudziwa kuti Katherine, adathawa atazindikira kuti Klaus akufuna kumupereka nsembe. Klaus adapita kwawo kwa mtsikanayo ku Bulgaria n'kupha banja lonse. Kuchokera pamenepo Katherine sadakhazikikenso malo amodzi.

Kodi mumadziwa kuti ankakonda kulanga munthu kudzera mwa amene munthuyo amawakonda? Pofuna kumasula temberero lomwe linkatsekereza mphamvu zake za mmbulu, adasandutsa vampaya Jenna, yemwe ankalera Elena Gilbert, n'kumupha pamwambo wa nsembe Elenayo akuona. M'sizoni yachinayi, atadziwa kuti gulu lake lamuukira, adapha onse 12 usiku umodzi. Kenako adapeza mayi ake a Tyler Lockwood, mnyamata amene adatsogolera kuukirako, n'kuwamiza m'kasupe wa pakati pa tauni. Mayi Carol Lockwood adali meya wa tauniyo ndipo adalibe mphamvu iliyonse yodzitetezera.

Kodi mumadziwa kuti ankayenda ndi abale ake m'mabokosi a maliro? M'bale wake akangotsutsana naye, Klaus ankamubaya ndi mpeni wapadera womwe umagoneka vampaya tulo tofa nato, n'kumutsekera m'bokosi. Mkulu wake Finn adagona zaka 900. Mlongo wake Rebekah adagona zaka pafupifupi 90 kuyambira m'ma 1920 chifukwa adasankha kupita ndi mwamuna amene ankamukonda. Iye ankati akuwateteza, koma chenicheni n'chakuti ankaopa kutsala yekha.

Kodi mumadziwa kuti nkhanza zake zidayambira pakhomo pa makolo? Klaus adakula akumenyedwa ndi kunyozedwa ndi Mikael, bambo amene ankamulera. Mng'ono wake Henrik ataphedwa ndi anthu osanduka mimbulu, mayi awo Esther, omwe adali mfiti, adasandutsa ana awo mavampaya kuti imfa isawalandenso wina. Klaus atapha munthu koyamba, mphamvu za mmbulu zidadzuka mwa iye, chinsinsi n'kuululika: adali mwana wa chibwenzi cha mseri, ndipo bambo ake omubala adali Ansel, wa mtundu wa mimbulu. Esther adatsekera mphamvuzo ndi temberero. Klaus adapha mayi akewo n'kunamiza abale ake kuti wawapha ndi Mikael. Olemba adationetsa bala limeneli kuti timumvetse, koma sadalisandutse chikhululukiro cha zimene adachita.

Kodi mumadziwa kuti poyamba adakonza zomupha msanga? Julie Plec adanenapo kuti cholinga chidali chakuti Klaus afe kumapeto kwa sizoni yachitatu. Luso la Joseph Morgan ndi lomwe lidasintha maganizo a olemba. Mu April 2013 adamupatsa gawo loyesera sewero lakelake, ndipo The Originals idayamba pa 3 October 2013. Idatha masizoni 5 ndi magawo 92.

Kodi mumadziwa kuti chifundo chake choyamba chidali chosakanikirana ndi chiwembu? M'sizoni yachitatu ya The Vampire Diaries adalamula Tyler kuti alume Caroline Forbes, chikhalirecho ululu wa mmbulu umapha vampaya. Usiku wa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mtsikanayo, Klaus yemweyo adakakhala pambali pa bedi lake, n'kumuuza za mizinda, nyimbo ndi zithunzi zokongola zimene akadatha kuziona akadasankha moyo. Kenako adamumwetsa magazi ake, omwe ndiwo mankhwala a bala lotere. Wovulaza ndi wochiza adali munthu mmodzi, ndipo apa m'pamene oonera ambiri adayamba kukayika ngati mtima wake udaferatu.

Kodi mumadziwa kuti poyamba adamukana mwana wake? Afiti a ku New Orleans atamuuza kuti Hayley Marshall ali ndi pakati pake, Klaus adayankha kuti aphe mayiyo ndi mwana yemwe, iye sizikumukhudza. Amene adalimbikira ndi mkulu wake Elijah, yemwe ankakhulupirira kuti mwanayo ndiye adzabweze umunthu mwa mng'ono wake. Elijah adapirira mabodza, mipeni ndi mabokosi kwa zaka 1,000 osamutaya. Akulu adati chibale n'fupa, sichiola. Mwanayo, Hope, atabadwa, Klaus adamunyamula n'kumupereka kwa Rebekah kuti akamubise kutali, ndipo dziko lonse adaliuza kuti mwana wamwalira. Aka kadali koyamba kuti alole kutaya chinthu chake kuti wina apulumuke.

Kodi mumadziwa kuti Hope sadali mwana woyamba kuleredwa ndi Klaus? Mu 1820 adaona kamnyamata kena ka ukapolo kakukwapulidwa. M'malo mogonja, kamnyamatako kadatola apulo n'kugenda wokwapulayo. Klaus adapha munthu wa chikwapuyo, n'kutenga mwanayo ndi kumutcha Marcellus. Ameneyu ndiye Marcel Gerard, amene pambuyo pake adadzalamulira New Orleans n'kulimbirana ufumu ndi bambo ake omulerawo.

Kodi mumadziwa kuti adabwerera ku zoipa kangapo ali kale bambo? M'sizoni yachiwiri ya The Originals adapha bambo ake omubala, Ansel, chifukwa Anselyo adadziwa kuti Hope ali moyo. Kumapeto kwa sizoni yomweyo adaphetsa Gia, chibwenzi cha Elijah, ndiponso adachititsa kuti Hayley atembereredwe n'kukhala mmbulu kuthengo, kutali ndi mwana wake wakhanda. Camille O'Connell, mtsikana wogulitsa m'bala amene ankaphunzira za kaganizidwe ka anthu, ndiye ankamuuza zoona maso ndi maso, ndipo Klaus ankamumvera. Camille adamwalira m'sizoni yachitatu.

Kodi mumadziwa kuti adavomera kuzunzika zaka 5 kuti abale ake akhale ndi moyo? Kumapeto kwa sizoni yachitatu, mu 2016, abale ake Elijah, Kol, Freya ndi Rebekah onse adali pangozi. Freya adamangirira miyoyo yawo ku moyo wa Klaus kuti agone mpaka mankhwala atapezeka. Klaus adakaima pabwalo la milandu pamaso pa mavampaya amene adawalakwira, n'kuyankhula mowaputa dala kuti aone imfa ngati chilango chochepa. Adamubaya ndi mpeni wa Papa Tunde, womwe umapweteka osaleka, ndipo Marcel adamusunga m'ndende. Munthu amene ankatsekera abale ake kuti iye apeze mtendere tsopano adatsekeredwa kuti iwo apulumuke.

Kodi mumadziwa kuti adafa mwa kufuna kwake? M'sizoni yomaliza mphamvu ya mzimu woipa wotchedwa Hollow inkapha Hope, ali ndi zaka 15, mayi ake atamwalira kale. Klaus adakonza zoti mphamvuyo isamutsidwire m'thupi lake kuti aferetu nayo. Asanafe adauza Rebekah kuti wamukonzera njira yopezera mankhwala obwezera vampaya ku umunthu, chinthu chomwe mlongo wakeyo adachilakalaka zaka mazanamazana. Pa 1 August 2018, m'gawo lomaliza, Elijah adathyola pakati chisonga cha mtengo wa oki woyera, chida chomwe chikadatha kuwapha, ndipo awiriwa adabayana pabenchi ya mu French Quarter ku New Orleans n'kufera limodzi.

Kodi mumadziwa kuti wosewera Klaus ndi wa ku Britain? Joseph Morgan adabadwa pa 16 May 1981 ku London n'kukulira ku Swansea, ku Wales. Mu 2014 adalandira mphoto ya People's Choice chifukwa cha The Originals, ndipo chaka chomwecho adakwatira Persia White, amene ankasewera ngati mayi ake a Bonnie Bennett mu The Vampire Diaries. Ngakhale nkhani imachitikira ku New Orleans, mbali yaikulu ya seweroli adaijambulira ku Conyers, m'chigawo cha Georgia.

Kodi mumadziwa kuti adasiya chothandiza ana a anthu ena? M'gawo lomaliza la The Vampire Diaries, pa 10 March 2017, Caroline adalandira kalata ya Klaus ndi cheke cha madola 3 miliyoni chothandizira sukulu ya Salvatore. Ndi sukulu yomwe Hope adadzaphunzirako m'sewero la Legacies, lomwe lidayenda kuyambira 2018 mpaka 2022. M'gawo lake lomaliza Joseph Morgan adaonekeranso kamodzi, akupereka uthenga wa bambo kwa mwana wake.

Ndiye kodi Klaus adasinthadi? Adasintha, chifukwa kusintha kwake kudamudyera ufulu, ufumu ndi moyo, ndipo kudatenga nthawi yaitali, akugwa n'kudzuka. Koma imfa yake sidadzutse Jenna, Carol Lockwood kapena banja la Katherine, ndipo amene adawaferawo adali a magazi ake. Awerengi, mukamaonera seweroli kapena lina lotere, mvetserani chisoni wolapayo, koma musaiwale mayina a anthu amene adawapha.