Dzira la Fabergé ndi chitenje cha ku Kamwala

Pa Pasaka wa 1885, mfumu ya Russia, Alexander III, inapatsa mkazi wake Maria Feodorovna dzira loyera lokhala ndi kankhuku ka golide m'kati. Analipanga ndi amisiri a Peter Carl Fabergé ku St Petersburg, ndipo pomwe ufumuwo unkagwa mu 1917, banjali linali litalandira mazira 50 otere. Maria anali mng'ono wake wa Alexandra, mkazi wa Edward VII wa ku Britain. N'chifukwa chake timabokosi, mafelemu a zithunzi ndi tinyama tosema pamwala ta Fabergé tinkawoloka nyanja pa Khirisimasi ndi pa masiku obadwa. Mu 1907 Edward anaitanitsa tiziboliboli ta ziweto za kunyumba yake ya ku Sandringham, mpaka ka galu wake Caesar.

Ku Kamwala nakonso, Loweruka m'mawa, amayi a ku Kabwata ndi ku Chelstone amadzaza m'masitolo a amwenye kusankha zitenje: cha mkwatibwi pa kitchen party, cha alangizi, cha apongozi. Mtengo wake sungayandikire n'komwe wa dzira lija, koma ntchito ndi imodzi, yosamala ubale wobwera ndi ukwati. Kusankhanso kumafuna diso. Alexandra ankakonda tinyama tating'ono chifukwa cha luso la wosema. Mayi wa ku Kamwala naye amaipapasa nsalu, n'kuitembenuza kuti aone ngati mtundu walowa mbali zonse, poopa kupatsa apongozi chinthu chosuluka pochichapa kamodzi.

Kusiyana kuli pa zimene mphatsoyo imachita ikafika. Dzira limakhala m'kabati, anthu n'kumalisirira. Chitenje chimabereka mwana, chimayalidwa pansi kuti mlendo akhalepo, chimavalidwa kumaliro mpaka kutha. Ndipo wolandira amadziwa kuti walandira ngongole: tsiku la matenda kapena la zovuta ayenera kuonekera.

Apa nkhani ya mafumu imandiwawa mtima. George V, mwana wa Alexandra, ndi Nicholas II, mwana wa Maria, anali ana a mkulu ndi mng'ono, ofanana nkhope kwambiri. Nicholas atachotsedwa pampando mu 1917, boma la Britain linavomera kumulandira, koma George, poopa mkwiyo wa anthu ake, anakakamiza kuti chilolezocho chibwezedwe. Mu July 1918 Nicholas, mkazi wake ndi ana awo asanu anaphedwa ku Yekaterinburg. Tisaiwale kuti mu 1919 sitima yankhondo ya Britain, HMS Marlborough, inakatenga Maria ku Crimea, choncho ubalewo sunafe wonse. Komabe mazira ambiri boma la Soviet linawagulitsa kunja, ndipo atatu amene ali m'nyumba yachifumu ya Britain lero sanabwere ngati mphatso, anachita kugulidwa.

Dzina la Fabergé linafika ndi kwathu kuno: mu 2013 linagulidwa ndi Gemfields, kampani yokumba miyala ya emerald ku Kagem, m'boma la Lufwanyama.

Pa luso la manja, Fabergé alibe mnzake, ndipo sindingayerekeze kumulinganiza ndi nsalu yodindidwa ndi makina. Pa kumanga ubale, ine ndili kumbali ya chitenje. Inu amene mukupita ku Kamwala kukasankhira apongozi, gulani chosasuluka, ndipo mukachipereke nokha m'manja mwawo, mutagwada.