KHOMO LOYAMBA LA KU NYUMBA YA MALAMULO

Tsiku la cisankho munthu wa kumudzi amalawira tambala woyamba, naima pa mzere ndi reji ndi khadi lace la voti, nalandira pepala la maina anai kapena asanu. Amasankhapo mmodzi. Koma ndi ocepa amene amafunsa kuti maina amenewo anafika bwanji pa pepalapo, ndi kuti ndani anatsalira panja. Lilipo khomo lina limene wofuna uphungu ayenera kudutsa asanaonekere kwa ife oponya voti, ndipo olonda khomo limenelo ndiwo amene phungu amawaopa koposa. Ife a m'Zambia tinaiona bwino nkhaniyi m'masiku a cipani cimodzi.

Mu 1972 bungwe lotsogozedwa ndi a Mainza Chona linayendera zigawo kufunsa anthu za mmene boma la cipani cimodzi liyenera kukhalira. M'December caka comweco UNIP inatsala yokha, ndipo pa 5 December 1973 anthu anakasankha aphungu 125 m'dongosolo latsopano. Popeza onse opikisana anali a cipani cimodzi, kunaikidwa cisankho cosefa anthu, cimene tinali kucicha pulaimale. Pa pulaimale munthu wamba sanali kuponya voti, ngakhale akhale ndi khadi la cipani m'thumba. Oponya anali a maudindo okha: a m'makomiti a nthambi, a dera ndi a rijini, pamodzi ndi atsogoleri a amai ndi acinyamata. Atatu opeza mavoti ambiri ndiwo anali kupita ku cisankho ca anthu onse. Komabe ngakhale wapambana cotero, dzina lako linali kupita ku Lusaka kwa Central Committee, kabungwe kapamwamba ka cipani, kamene kanali ndi mphamvu yokucotsa osakuuza cifukwa cimene ungakatsutse.

Tsono ganizirani dera la anthu zikwi zambiri, koma amene atsegula khomo ali mazana ocepa cabe. Wofuna mpando sanafunikire kuyamba ndi kuyendera midzi yonse. Anali kuyamba ndi nyumba ya wakumpando wa nthambi, ya mlembi ndi ya msungacuma. Madandaulo a mowa, ndalama ndi malonjezo a nchito pa nthawi ya pulaimale anali kumveka kawirikawiri, ndipo si zodabwitsa. Kugula dera lathunthu nkovuta. Kusangalatsa anthu okwana m'kalasi ziwiri za sukulu nkwapafupi.

Atatu aja akafika kwa anthu, analibe cosiyana pa mfundo za dziko, pakuti onse anali kulankhula za Humanism ndi kutamanda cipani comweco. Mpikisano unatembenukira pa zinthu za kwathu: ndani adzabweretsa msewu, ulalo, cipatala caching'ono, mjigo, ndi depoti ya NAMBOARD kuti cimanga cisaolere pa msika ndi fataleza afike mvula isanagwe. Vuto linali lakuti phungu analibe thumba lace. Anali wopempha cabe pa makomo a nduna ku Lusaka, ndipo mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, zopemphazo zinacepa. Anthu sanali kukhululuka. Aphungu ambiri, ndi nduna zomwe, anali kugwa pa cisankho ciri conse, pakuti voti inali njira yokhayo yolangira wina pamene cipani sicinali kusinthika. Ena anangoleka kupita kukavota. Mu 1968, pamene zipani zinali zingapo, oposa 80 pa 100 ali onse olembedwa anaponya voti. Mu 1973 sanakwane ndi 40 omwe.

Phungu wa masiku amenewo anali ngati mkamwini wa apongozi awiri. Akakhala cete m'Nyumba ya Malamulo, anthu kumudzi anali kuti tinatuma nthumbidwa. Akalankhula kwambiri za mavuto a kwao, Lusaka inali kumuyang'ana ndi diso lofiira. Mu 1978 Central Committee inacotsa pa mndandanda anthu amene anali atadutsa pulaimale, ena mwa iwo aphungu odziwika ndi kudzudzula boma. Caka comweco malamulo a cipani anasinthidwa ku Mulungushi kuti wofuna utsogoleri akhale atatha zaka 5 m'cipani ndi kupeza omucirikiza m'cigawo ciri conse, ndipo a Simon Kapwepwe ndi a Harry Nkumbula analephera kupikisana ndi a Kenneth Kaunda. Mu 1980 lamulo latsopano la makhonsolo linalanda anthu wamba voti yosankha makhansala nkuipereka kwa a cipani. A mabungwe a anchito anakana zimenezi, ndipo mu 1981 atsogoleri ao, pamodzi ndi a Frederick Chiluba, anapitikitsidwa m'cipani. Pofika cisankho ca 1983 pulaimale inathetsedwa, ndipo kusefa kunatsala m'manja mwa Central Committee.

Zipani zambiri zinabwerera mu 1991. MMD inatenga mipando 125 mwa 150, ndipo UNIP inatsala ndi 25, mwa imeneyi 19 inali mipando yonse ya kuno Kum'mawa. Apa mpamene khomo loyamba linaonekera kukula kwace mwa njira ina. M'dera limene cipani cimodzi cili ndi mphamvu, amene cipanico camutenga wapambana kale. Tsiku la voti limangokhala lotsimikizira. Nkhondo yeniyeni imamenyedwa miyezi ingapo m'mbuyo, pa cimene a m'tauni amacicha adopushoni.

Malamulo a dziko monga anakonzedwera mu 2016 anapatsa zipani ufulu wocita mapulaimale, koma sanalongosole kacitidwe kace. M'zisankho za 2016 ndi 2021 zipani zazikulu zinali kufunsa makomiti a wodi, a dera, a boma ndi a cigawo, koma mau otsiriza anali kucokera ku likulu la cipani. Malamulo omwewo anaonjeza kuti wofuna uphungu kapena ukhansala akhale ndi setifiketi ya Giredi 12. Cifukwa cace cimamveka, pakuti nchito ya malamulo ndi ya mapepala. Koma m'midzi mwathu lamuloli linatsekera kunja alimi ndi amai ambiri anzeru amene anasiyira sukulu panjira, ndipo linatsegulira njira ana a kwathu okhala ku Lusaka ndi ku migodi, amene amakumbukira mudzi caka ca masankho ndi galimoto yodzaza zitenje.

Oponya voti ali ndi yankho lao likulu likawatumizira munthu amene sakumufuna. Mu 2016 anasankha aphungu oima paokha 14, ndipo mu 2021 anasankha 13. Nyimba, Lumezi ndi Petauke Central ali mwa madera amene anacita cotero mu 2021. Cipani cimene citaya mpando mwa njira imeneyi sicinagonjetsedwe ndi adani. Cinadzigwetsa cokha pa khomo lace.

Cimene casintha kwambiri ndi thumba. Ndalama za citukuko ca dera, za CDF, zinayamba mu 1995, ndipo kwa zaka zambiri zinali zocepa. Mu 2021 dera liri lonse linali kulandira K1.6 miliyoni. Mu bajeti ya 2022 zinakwera kufika K25.7 miliyoni, ndiko kuti kuwirikiza ka 16. Mu 2023 zinali K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Malangizo a 2022 anagawa ndalamazi motere: zocuruka, 60 pa 100, za nchito za anthu onse monga makalasi, madesiki, zipinda za amai oyembekezera ndi mijigo, 20 pa 100 zolipirira ana ku sekondale zogonera komweko ndi ku sukulu za luso, 20 pa 100 za magulu a amai ndi acinyamata. Dera la phungu wotsutsa limalandira mofanana ndi la phungu wa boma, cinthu cimene phungu wa 1978 akadacimva ngati nthano.

Ndalamazi si za phungu. Zimasungidwa ndi khonsolo, ndipo pempho la nchito liyenera kuyambira ku komiti ya citukuko ya m'wodi, nkupita ku komiti ya CDF ya dera. Koma phungu amakhala m'komiti imeneyo ndipo ali ndi dzanja pa kusankha ena okhalamo. Apa ndipo pagona ngozi. Ngati amene anamudutsitsa pa khomo ndi a makomiti a cipani, mtima wace udzafuna kuwabwezera, ndipo kalabu ya mkazi wa wakumpando ingapeze thandizo pamene kalabu ya kutsidya kwa dambo ikudikira caka cacitatu. Sitikunena kuti onse amatero. Tikunena kuti pamene thumba linali K1.6 miliyoni ciyeso cinali cacing'ono, ndipo lero cakula, monganso wakulira mpikisano wofuna kutengedwa ndi cipani.

Nafenso oponya voti tili ndi mbali yathu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo ambiri timalandira citenje ndi K50 lero poganiza kuti ulalo wa mawa ndi mphepo. Koma misonkhano yosankha a komiti ya m'wodi imacitikira m'mazoni, pansi pa mtengo kapena pa sukulu, ndipo kawirikawiri amafikako ndi anthu owerengeka pamene ena ali ku dimba. Amene apezekako ndiwo amalemba kuti mjigo ukumbidwe pati. Mndandanda wa nchito zovomerezedwa ndi mtengo wa iri yonse umakhala ku ofesi ya khonsolo pa Boma, ndipo nyakwawa, mphunzitsi kapena mai wa kalabu angathe kukapempha kuuona ndi kuufanizira ndi zimene zaoneka m'mudzi.