Filimu ya m'kabati ndi filimu ya lendi

Kumapeto kwa Ogasiti 2022, anthu a ku Germany ndi Austria amene anagula mafilimu a kampani ya StudioCanal m'sitolo ya pa intaneti ya PlayStation anapeza kuti mafilimuwo achotsedwa. Paddington ndi John Wick anali m'gulu la ochotsedwawo. Anthuwo analipira, batani limene anadina linalembedwa kuti akugula, koma mgwirizano wa Sony, mwini wa PlayStation, ndi eni mafilimu utatha, katundu anabwerera kwa mwini wake. Boma la California, ku America, linafika pokhazikitsa lamulo, limene linayamba kugwira ntchito mu 2025, lokakamiza masitolo otere kunena poyera kuti chimene akugulitsa ndi chilolezo choonera basi.

Ndiye pofananiza kusunga mafilimu ako ndi kuonera pa Netflix, funso loyamba ndi lakuti kiyi ali ndi ndani. Filimu imene ili pa chimbale cha DVD kapena pa hard drive ya m'kabati, kiyi ali ndi iwe. Zina zonse ndi lendi, ngakhale zitatchedwa dzina lina.

Lendi si yoipa. Netflix itafika ku Malawi mu Januwale 2016, pamodzi ndi maiko ena 130, inabweretsa chimene chimbale sichingathe: mafilimu ochuluka koti sungawamalize, chithunzi choyera, mawu olembedwa m'munsi ogwirizana ndi milomo, komanso kukumbukira pamene unalekezera dzulo. The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu imene Chiwetel Ejiofor anaisandutsa filimu mu 2019, inafika m'nyumba za m'maiko ambiri tsiku limodzi. Akanati aziyenda nayo pa zimbale, bwenzi anthu a ku Brazil kapena Korea asanamve Chichewa mpaka lero.

Vuto ndi lakuti kwathu kuno lendiyi timalipira kawiri. Koyamba umalipira kampaniyo, m'madola, podzera pa khadi la kubanki, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo unakwera wokha popanda wina ku Netflix kusintha kalikonse. Kachiwiri umagula bandulo. Netflix yeniyo imanena kuti ola limodzi limadya pafupifupi 1GB pa chithunzi wamba, kufika 3GB pa HD, ndi 7GB pa 4K. Filimu ya maola awiri pa HD ingadye 6GB, ndipo mwana akanena kuti "tibwerezenso," mwayambiranso kulipira. Munthu wa ku London amene ali ndi intaneti yopanda malire saganizako za masamu amenewa. Wa ku Ndirande amaona filimu diso lina lili pa uthenga wa balansi.

Njira zochepetsera zilipo, ndipo n'zosavuta. Kuyambira 2016 Netflix imalola kukopera filimu m'foni, choncho wanzeru amakopera usiku pa bandulo yotsika mtengo kapena pa Wi-Fi, n'kuonera mawa lake. Kutsitsa chithunzi kufika pa mlingo wotsikitsitsa kumadya 0.3GB yokha pa ola, ndipo pa kagalasi ka foni kusiyana kwake n'kochepa. Kuposa zonsezi, palibe amakukakamiza kulipira miyezi 12. Ungalipire mwezi umodzi, kuonera zimene umafuna, n'kuimitsa. Makampaniwa amadyera kwambiri kwa anthu oiwala kuimitsa. Koma dziwani kuti zokopera m'fonizo si zanu: zina zimatha mphamvu pakadutsa maola 48 mutayamba kuonera, ndipo zonse zimatsekeka mukasiya kulipira.

Nanga kabati? Masamu ake ndi okoma. Hard drive ya 1TB imanyamula mafilimu pafupifupi 500 ngati iliyonse ili ya 2GB. Chimbale cha DVD chimalowa 4.7GB, ndipo sichifunsa netiweki. Magetsi akathima, laputopu ili ndi moto, filimu ikupitirira. Palibe angaichotse usiku, monga Disney+ inachotsera Willow mu 2023 patangopita miyezi yochepa itatuluka, kapena monga HBO Max inachotsera Westworld chaka cha m'mbuyo mwake, onse pofuna kupulumutsa ndalama.

Komabe kabati ili ndi imfa yakeyake, yosachenjeza. Hard drive ikagwa patebulo kamodzi, kapena magetsi akabwera ndi mphamvu yopyola, zaka za kusonkhanitsa zimathera pomwepo. Chimbale chimakalika. Fulashi yoyenda m'makompyuta a anzako imabwera ndi vairasi. Wosunga weniweni amakhala ndi ma hard drive awiri, ina yosalumikizidwa, ndipo pamenepo mtengo wawirikiza. Pali ntchitonso yolemba maina bwinobwino, chifukwa mafilimu 500 otchedwa "movie1" ndi "new folder" ndi mulu chabe. Ndipo tinene zoona, ambiri a ife m'mulu wotere timabwereza mafilimu khumi okha.

Pali nkhani ina imene sitikonda kuikamba. Mafilimu ambiri a m'mafulashi athu sanagulidwe kwa eni ake. Anachokera kobenetsa, pa kabenchi ka kumsika pamene mnyamata wa kompyuta amakuthirira memore khadi yodzaza pa ndalama yochepa, ena omasuliridwa kale m'Chichewa ndi ma DJ. Izi lamulo la zokopera la 2016 sililola, ndipo bungwe loteteza aluso la COSOMA lakhala likulimbana nazo kwa zaka zambiri. Hollywood siimva kuwawa ndi kabenchi kameneko. Amene amamva ndi Shemu Joyah, amene anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise, kapena Joyce Mhango Chavula, amene filimu yake Lilongwe inapata mphoto ya mafilimu ya AMVCA mu 2016. Msika wawo ndi ife, ndipo ulibe kwina kothawira. Apa kuonera pa intaneti kuli ndi ulemu wake: kangachepe bwanji, kena kake kamafika kwa wopanga.

Ine ndimagawa motere. Filimu ya zipolopolo imene ndidzaiona kamodzi n'kuiwala dzina, ya lendi ikwanira, mwezi umene ndasankha ndekha. Za ana, zimene amabwereza mpaka kuziloweza, zikhale m'nyumba, poti bandulo singapirire. Ndipo mafilimu athu, ndikawapeza akugulitsidwa mwachilungamo, ndimagula n'kusunga pawiri. John Wick akachotsedwa pano adzapezeka pena, chifukwa eni ake ali ndi nkhokwe ndi maloya. The Last Fishing Boat ilibe kampani ya ku California yoisamalira, ndipo ngakhale Netflix, imene inayamba ndi kutumiza zimbale pa positi mu 1998, inatseka ntchito imeneyo mu Seputembala 2023.