Bonsai wanu ali kuseri kwa nyumba

Ngati mumakonda kuyendayenda pa Instagram kapena TikTok, muyenera kuti munaonapo timitengo tooneka ngati nkhalamba, thunthu lokwinyika, nthambi zotambasuka, koma tonse tili m'kamphika kosaposa mbale ya nsima. Ameneyo ndiye bonsai. Anzanga ambiri akaona wanga amafunsa funso limodzi: "Aise, njere zake unaitanitsa kuti?"

Palibe njere ya bonsai. Bonsai si mtundu wa mtengo, ndi kaleredwe. Mawuwa ndi a Chijapani ndipo amatanthauza chomera chodzalidwa m'mbale. Lusoli linayambira ku China, komwe amalitcha penjing, kenako anthu a ku Japan analikometsa. Mtengo wamba ukamadulidwa mizu ndi nthambi mwanzeru, umakalamba osatalika. Ku Washington kuli paini yemwe wakhala akuleredwa kuyambira 1625. Anapulumuka bomba la ku Hiroshima mu 1945, ndipo anaperekedwa ku America mu 1976. Mpaka lero ali moyo m'mphika mwake.

Ife sitikusowa paini wa ku Japan. Mitengo yoyenera ili pakhomo pomwe pano, ndipo yambiri ndi ija timaizula Loweruka posesa.

Yambani ndi kuudziwa mtengo

Kukumba mtengo umene simukuudziwa kuli ngati kugula foni mumdima. Mtundu uliwonse uli ndi nthawi yake ndi khalidwe lake, ndiye muyambe mwaudziwa dzina.

Kachere ndiye mnzake wa woyamba kumene. Mbalame zimadya zipatso zake n'kukasiya njere pamng'alu wa mpanda wa njerwa, m'mbali mwa ngalande, ngakhale pamphanda ya mtengo wina. Mukathyola tsamba n'kuona utomoni woyera ngati mkaka, masamba ake ali osalala, ndipo timizu tina tikulendewera m'mwamba, dziwani kuti ndi iyeyo. Amapirira kudulidwa, masamba ake amachepa pakapita nthawi, ndipo ngakhale nthambi yongodula imamera. Wanga woyamba ndinamuchotsa pakhoma la bafa la panja, pomwe mizu yake inali itayamba kung'amba pulasitala. Eni nyumba anachita kundithokoza.

Mkuyu ndi m'bale wake, nawonso uli ndi utomoni woyera, koma masamba ake ndi okulirapo, obulungira ndiponso okhakhala mukawasisita. Khungwa lake limaoneka lachikasu. Umafuna mphika wokulirapo chifukwa masamba ake sachepa msanga.

Mlambe umapusitsa anthu. Ukakhala waung'ono masamba ake sakhala ngati zala za dzanja monga timaonera pa waukulu. Limakhala tsamba limodzi lamba, ndiye ambiri amaulambalala osauzindikira. Ngati kwanu ndi ku Salima, Mangochi, Balaka kapena kuchigwa cha Shire, yang'anani pomwe ana amatayira njere za malambe. Pansi pake pamakhala muzu wotupa ngati chinangwa, momwe umasungira madzi. Mdani wake ndi mmodzi basi, madzi ochuluka nthawi yozizira. Ukayoyola masamba, musauthirire, apo ayi uwola.

Mthethe mumaudziwa ndi minga yake yokhota yokhala iwiriiwiri ndi timasamba ting'onoting'ono, zomwe n'zofunika kwambiri pa bonsai. Ku South Africa okonda lusoli ali ndi kaumbidwe kawo kotchedwa Pierneef, potengera dzina la wojambula zithunzi J.H. Pierneef, komwe mtengo umakhala ndi mutu wafulati ngati ambulera. Mthethe umakhala bwino zedi ukaumbidwa chonchi. Bwemba nayenso ali ndi timasamba tating'ono ndi khungwa lokongola, ndipo amamera yekha pomwe munthu analavulira njere.

Ilipo ina imene ndingakulangizeni kuti muisiye. Mitengo ya m'tchire ngati mombo, tsamba ndi msuku imadalira tizamoyo ta m'nthaka ta mtundu wa bowa tokhala pamizu yake, ndipo ikasamutsidwa kawirikawiri imafa. Msangu uli ndi muzu wolowa pansi kwambiri, komanso alimi amaufuna m'munda chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuwonjezera chonde. Usiyeni ugwire ntchito yake.

Mukakayika, jambulani tsamba, khungwa ndi mtengo wonse. Ma app ozindikira zomera amathandiza, koma pa mitengo yakwathu agogo amawaposa. Atumizireni chithunzi pa WhatsApp kudzera kwa msuweni, dzina libwera pamodzi ndi mbiri yake.

Wopunduka ndiye wabwino

Apa m'pamene bonsai amasiyana ndi kudzala mitengo wamba. Kunazale timasankha mbande yowongoka. Pa bonsai timafuna wovutika: chitsa chimene chinadulidwa n'kuphukiranso, mtengo umene mbuzi zakhala zikuubudula chaka ndi chaka, kapena umene unapindika pothawa mthunzi wa khoma. Yang'anani zinthu zitatu. Tsinde likhale lonenepa n'kumaonda pokwera. Nthambi kapena mphukira ziyambire pansi. Ndipo mukafukula dothi pang'ono ndi zala, mizu ioneke ikutambasukira mbali zonse. Nthambi mutha kuzilera pambuyo pake, koma thunthu labwino limatenga zaka, ndiye mukalipeza lapsa kale mwapindula.

Malire ake

Ku Japan mitengo yokumbidwa kutchire amaitcha yamadori, ndipo mavidiyo ake amakopa. Koma kuno nkhalango zathu zatha kale ndi makala, sizikufunikanso anthu ena obwera ndi makasu. Lamulo la zankhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuchotsa mtengo m'nkhalango yotetezedwa ngati Dzalanyama kapena ya paphiri la Zomba popanda chilolezo. Mkungudza wa ku Mulanje, womwe ndi mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera paphiri lokhalo ndipo watsala pang'ono kutheratu. Mitengo ya kumanda nayo tonse tikudziwa kuti sikhudzidwa.

Lamulo langa ndi losavuta: ndimakumba mtengo wokhawo umene ukanadulidwa. Wa pakhoma, wa papuloti pomwe akufuna kukumba maziko, wa m'munda umene walephera kutha ndi khasu. Ngati muli pa lendi, pemphani alandilodi. Ngati ndi kumudzi, funsani eni munda. Mawu oti "zikomo, kamtengo aka mukukafuna?" satenga mphindi.

Nthawi ndi kakumbidwe

Mitengo yoyoyola masamba ikumbeni kumapeto kwa nyengo yozizira, mu Ogasiti kapena Seputembala, timaso ta mphukira tikangoyamba kutupa. Nthawi imeneyo mphamvu zake zimakhala zili m'thunthu ndi m'mizu. Kachere, mkuyu ndi mlambe zimakonda kutentha, ndiye dikirani Okutobala mpaka mvula yoyamba.

Konzani mphika musanagwire khasu. Beseni lakale kapena kabokosi ka matabwa n'kokwanira, bola muboole pansi mabowo ambiri. Musathamangire kamphika kokongola, imeneyo ndi nkhani ya zaka ziwiri zikubwerazo. Dothi la m'munda lokha limagwirana n'kutsamwitsa mizu. Ine ndimasakaniza mchenga wa kumtsinje wa miyalamiyala, njerwa zootcha zoswaswa n'kusefa fumbi lake, ndi manyowa owolerana bwino, muyezo wofanana.

Dzulo lake thirirani pamalopo kuti dothi lifewe. M'mawa dzuwa lisanakwere, fupikitsani nthambi zazitali. Kenako kumbani kangalande mozungulira, pafupifupi masentimita 30 kuchokera pathunthu ngati lili lonenepa ngati mkono wa khasu. Samalani mapaipi a madzi, chifukwa mizu ya kachere imakonda kuwatsata. Mizu ikuluikulu iduleni ndi sowo kapena mpeni wakuthwa, osati kuikadzula. Chuma chenicheni ndi timizu tonga tsitsi, chifukwa ndi timene timamwa madzi. Mukafika pansi, pendeketsani mtengo, dulani muzu wolunjika pansi, n'kunyamula ndi dothi lake lomwe. Kulungani m'chiguduli chonyowa, ndipo dzenjelo mulikwirire.

Ngati mtengo ndi wokulirapo ndipo palibe chokufulumizitsani, gawani ntchitoyi pawiri. Chaka chino dulani mizu ya m'mbali n'kukwiriranso. Udzatulutsa timizu tatsopano pafupi ndi thunthu, ndipo chaka chamawa mudzaunyamula mosavuta.

Chaka chosakhudza

Apa ndi pomwe mitengo yambiri imafera, osati pokumba ayi. Mukaudzala, umangeni ndi waya kapena chingwe kuti usagwedezeke, chifukwa timizu tatsopano timaduka ndi kamphepo komwe. Uikeni pamthunzi kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, pamwamba pa njerwa kuti chiswe chisalowe. Thirirani pokhapokha dothi la pamwamba likayamba kuuma. Feteleza ayi, mpaka muone kuti wakula ndithu.

Ukatulutsa masamba oyamba musafulumire kuponya pa status kuti wagwira. Nthawi zina amakhala akungodya nkhokwe ya m'thunthu, mizu isanayambe. Umboni weniweni ndi nthambi zatsopano zimene zikutalika mwezi ndi mwezi. Chaka choyamba chonse musadule, musapinde, musasinthe mphika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa bonsai mawuwa ndi malangizo enieni a ntchito.

Chimene chimandikoka ine pa zonsezi n'chakuti ambiri a msinkhu wathu tilibe malo athuathu. Timasamuka chaka chilichonse, lero Chilinde, mawa Area 25, ndipo nyengo yodzala mitengo ya Disembala 15 mpaka Epulo 15 imangotidutsa ngati nkhani ya pawailesi. Mango simungawanyamule posamuka. Koma kachere wa m'beseni amakwera lole pamodzi ndi matiresi, ndipo mukamusamala adzakhalapo ana anu akukula. Sabata ino, musanatume mwana kukazula zomera za m'mbali mwa mpanda, pitani mukazione kaye nokha. Thyolani tsamba limodzi muone ngati likutuluka mkaka.