Mabainokyula Atsopano Amayesedwa Kucigwa, Osati Kusitolo

M'caka ca 1950 Mfumu Yaikulu Nsefu ya Akunda, itakambirana ndi Norman Carr, inabvomera kupatula cigawo ca dziko lake kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa kuti nyama zisungidwe. M'caka ca 1951 msasa wa Nsefu unatsegulidwa kulandira alendo odzaona nyama m'malo modzazipha. Kuyambira pamenepo mfuti inatsala m'manja mwa msilikali woteteza gulu, ndipo cida cimene cinapacikidwa m'khosi mwa mlendo ndi womuperekeza ndico magalasi oonera patali, amene anthu amangoti mabainokyula.

Lero Nsefu ndi mbali ya South Luangwa National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1972, ndipo acinyamata a kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya ndi kwa Jumbe amene afuna nchito yoperekeza alendo sangacitire mwina koma kukhala ndi mabainokyula aoao. Ndalama zake zimasungidwa miyezi ingapo. Comvetsa cisoni ncakuti ambiri amawayesa ataimirira pakhomo pa sitolo ku Chipata kapena ku Lusaka, dzuwa lili paliwombo, kwa mphindi imodzi yokha, pamene nchito yake yeniyeni idzagwiridwa mbandakuca ndi cisisira, kwa maola ambiri, pamalo pamene kulephera kuona njati yogona m'citsamba kungathe kutayitsa moyo.

Pa mabainokyula alionse pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42. Yoyamba imanena za kukoka: njati yoima pa mamita 80 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Yaciwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita. Ogula ambiri amathamangira nambala yoyamba ikakhala yaikulu, 12 kapena 16, poganiza kuti apeza mphamvu. Amaiwala kuti galasi lokoka nyama limakokanso kunjenjemera kwa manja, ndipo limacepetsa dera limene maso alikuona, kotero kuti mbalame ikauluka imasowa msanga. M'mwezi wa Okutobala, pamene nthaka ya m'cigwa imatentha mpaka mpweya kuvina pamwamba pa mcenga, kuvina kumeneku kumakokedwanso, ndipo wa 16 saona zambiri kuposa wa 8.

Ciyeso coyamba ncapafupi. Munthu agwire mabainokyula atatambasula manja, awalozetse kumwamba kumene kulibe dzuwa, ndi kuyang'ana timagalasi ta kumaso. Pa kalikonse paoneka kadontho kowala. Kukula kwake kumapezeka pogawa nambala yaciwiri ndi yoyamba: pa 8x42 ndi mamilimita 5.25, pa 10x42 ndi 4.2, pamene pa tating'ono ta m'thumba ta 10x25 ndi 2.5 cabe. Masana mwana wa diso amacepa kufika pa mamilimita awiri kapena atatu, ndipo ncifukwa cake onse amaoneka ofanana pakhomo pa sitolo. Kukamada mwana wa diso amakula, ndipo apa ndi pamene kadontho kakang'ono kamacita manyazi. Pansi pa mitengo ya mchenja ya ku Nsefu, pa nthawi imene nyalugwe amatsika, wa 8x42 amaona mawanga pamene wa 10x25 akungoona mthunzi. Kadonthoko kayeneranso kukhala kozungulira bwino. Kakaoneka kodulidwa m'mbali, ndiye kuti kuwala kwina kukutayika m'kati.

Za ubwino wa cithunzi, palibe woweruza woposa nkhwazi. Mutu wake woyera ukakhala patsogolo pa masamba akuda, magalasi osapangidwa bwino amaonetsa kamzere kobiriwira kapena kofiirira m'mphepete mwa nthenga, kamene mbalameyo ilibe. Adokowe a milomo yacikasu, amene amamanga zisa zambiri pamodzi m'dera la Nsefu mvula ikamatha, amathandiza pa ciyeso comweco. Woyesa ayike mbalame pakati, awongole mpaka nthenga zioneke imodziimodzi, kenaka ayisunthire pang'onopang'ono kumphepete. Kucita cimbuuzi pang'ono kumapeto kwenikweni si mlandu, koma cikayamba mbalame isanafike ndi theka lomwe la njira, ndalamazo zibwerere m'thumba.

Pali cinanso cimene cimaoneka madzulo okha. Munthu woima pa gombe la Nsefu amayang'ana tsidya la kumadzulo, kumene dzuwa limalowera. Magalasi ena pa nthawi imeneyi amadzala ndi utsi woyera, mitundu nkuzimirira. Cifukwa cake ncakuti nkhope iliyonse ya galasi losapakidwa imabweza magawo ngati anai pa 100 a kuwala, ndipo m'kati muli nkhope zambiri. Njira yopaka magalasi kuti asabweze kuwala inapezedwa mu 1935 ndi Alexander Smakula ku kampani ya Carl Zeiss ku Jena, kampani yomwe inayamba kugulitsa mabainokyula a mtundu wamakono mu 1894. Opakidwa bwino amaoneka obiriwira kapena ofiirira pang'ono, ndipo munthu sadziona nkhope yake bwino m'menemo. Aja ofiira psuu ngati nsalu ya pa cikondwerero amakopa maso pamsika, koma amasandutsa thengo kukhala lobiriwira mwacilendo. Poyesa zonsezi, dzuwa lenilenilo lisayang'anidwe ngakhale kamodzi, pakuti diso limapsa nthawi yomweyo.

Komabe cimene cimagonjetsa anthu ambiri si cithunzi ai, koma kutopa kwa maso. Mabainokyula ndi ziwiya ziwiri zimene ziyenera kuloza malo amodzi. Zikapotoka pang'ono, kaya kufakitale kaya cifukwa ca kugwa m'galimoto, maso amakakamizika kulumikiza zithunzi ziwirizo, ndipo kwa mphindi imodzi amakwanitsa, mwini wake osadziwa kanthu. Pakapita mphindi khumi kapena makumi awiri mutu umayamba kuwawa pamphumi. M'cigwa muno wotere amafulumira kunamizira dzuwa kapena malungo. Kuti adziwe zoona, ayang'ane cinthu cowongoka cakutali, monga denga la nyumba, kenaka acotse mabainokyula kumaso pang'onopang'ono akuyang'anabe. Mzere ukaoneka wothyoka, mbali ina pamwamba ina pansi, cidaco ncolumala ngakhale cikhale catsopano m'bokosi.

Asanaweruze, woyesa ayambe wakonza cida molingana ndi nkhope yake. Apinde pakati mpaka mabwalo awiri asanduke limodzi. Achinge galasi lakumanja ndi kuwongola diso lamanzere ndi kagudumu kapakati. Kenaka achinge lamanzere ndi kuwongola diso lamanja ndi mphete yake yapadera, pakuti maso a munthu mmodzi kawirikawiri salingana mphamvu. Obvala magalasi a maso afune mabainokyula amene amaonetsa cithunzi conse diso lili pa mamilimita 15 kapena kuposa kucokera pa galasi, apo ai adzakhala ngati osuzumira pa kabowo ka citseko.

Kulemera nako kumadziwika pa ola lacitatu la ulendo wa pansi. A 8x42 ambiri amalemera pafupifupi magalamu 700, ndipo lamba wopyapyala amasandutsa magalamu amenewa kukhala goli. Za fumbi la cilimwe ndi cinyezi ca dzinja, otsekedwa bwino ndi kudzazidwa mpweya wa naitrojeni ndiwo amapirira. Ena amamera cuku m'kati mvula isanathe. Fumbi liyambe lauziridwa lisanapukutidwe, ndipo malaya a thukuta si nsalu yopukutira.

Wogula wanzeru amapangana ndi wogulitsa kuti abweze cida cikalephera, ndipo amapita naco kumtsinje. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala timbalame tofiira todya njuci timakumba maenje mazanamazana m'zipupa za Luangwa. Akhale pansi moyang'anana ndi cipupa cotere kwa theka la ola dzuwa litapendeka, atsate kambalame kamodzi kucokera pa dzenje mpaka m'mwamba ndi kubwerera, aone ngati kapewa kake kobiriwira kakusiyana bwino ndi msana wofiira, kenaka atsitse mabainokyula ndi kumvetsera ngati pamphumi pali bata.