Mpira ndi Usipa pa Nkhudzi

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja monga Nkhudzi, pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay, maseŵera a ku sekondale amatsata nyengo monga momwe usodzi uchitira.

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, dzuŵa likuswa mtengo. Apa aphunzitsi amasankha matimu a mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye, koma ana amaloŵa m'bwalo dzuŵa litapendeka poti mchenga umaotcha mapazi. Mvula ikadzaza mabwalo mu Januwale, imakhala nthaŵi ya mitsutso, zisudzo ndi makalabu osamala zachilengedwe, pakuti mapiri a Nkhudzi ali m'kati mwa Lake Malawi National Park yomwe idakhazikitsidwa mu 1980. Mwera ukayamba kuomba cha mu Meyi kunja kumazizira, ndipo sukulu zimayenderana kukapikisana, a Fomu 4 asanalembe mayeso a MSCE.

Kodi kumeneku n'kungotaya nthaŵi? Iyayi. Kunyanja mnyamata angathe kuchezera usiku umodzi ku usipa, m'maŵa nabwera ndi ndalama m'thumba. Wotereyo amachedwa kuona phindu la sukulu. Koma akadziŵa kuti Loŵeruka anzake akumudalira pagolo, ndiponso kuti wojomba m'kalasi aphunzitsi samupatsa yunifomu ya timu, amalaŵirira kusukulu. Mtsikana wa ntchemberembaye nayenso safulumira za banja.

Tsono makolo asamakalipire mwana wobwera madzulo ali fumbi lokhalokha. Mpirawo ndiwo ukumusunga m'kalasi.